Misampha ya a Kabweza

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso chokha. Ku fakitale ya nsapato, kuyambira wosesa mpaka kapitawo, aliyense ankawatchula kuti a Kabweza, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba. Ntchito yawo inali kukhala pa tebulo lomaliza, pafupi ndi khomo la mosungira katundu, n'kumalandira nsapato iliyonse isanalowe m'katoni. Ankaipinda, kuyendetsa chala m'kati kufufuza kamsomali, kukanda soli ndi chikhadabo kuti aone ngati guluu wagwira, kenako kuyang'ana msoko pa kuwala kwa zenera. Ikawakhutiritsa ankaikankhira kumanja osanena kanthu. Ikalephera, liwu lawo linali limodzi: "Ibwerere." Osoka ankawada koopsa, koma akafuna kugulira ana nsapato kumsika ankapempha a Kabweza omwewo kuti awaperekeze.

Panali kachitidwe kamodzi kamene mkuluyu ankanyadira nako. Akapatsidwa munthu watsopano kuti amuphunzitse kuyendera nsapato, za masatifiketi analibe nazo ntchito. Ankatenga nsapato zabwinobwino n'kuziwononga okha mwadala: iyi kuimasula ulusi pang'ono, iyi kuikanda kuseri kwa chidendene, iyi kuiphatikiza ndi inzake ya saizi ina. Akatero ankazisakaniza ndi zabwino pa tebulo, iwo n'kukhala pambali ngati akuwodzera. Wozipeza zonse ankakhala. Wophonya ngakhale imodzi ankabwerera kumakina.

"Munthu sungamudziwe pomupatsa chabwino," ankatero. "Chabwino aliyense amachiyamikira. Mpatse chowola, uone ngati mphuno yake ikugwira ntchito."

Atangopuma pa ntchito, akazi awo anadwala. Anali matenda aja odya munthu pang'onopang'ono: miyendo inayamba, manja n'kutsatira, pomaliza mawu. Chaka chotsiriza mayiwo ankangoyankha ndi maso komanso kumwetulira. A Kabweza anawasamala okha, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwapesa tsitsi ndi manja okhakhala aja ozolowera chikopa. Maliro atatha, nyumba inawakulira. Ankaphika tiyi wa anthu awiri, wina n'kumutaya. Tsiku lina mdzukulu wawo, amene anabadwa agogo akewo atapita kale, analoza chithunzi cha pakhoma n'kufunsa kuti mayi ameneyu ndani. Funsolo linawalasa mumtima, ndipo sabata yomweyo anayamba kulemba.

Analemba zaka zingapo, pa tebulo lodyera, atavala magalasi awiri mosanjikiza chifukwa amodzi sankakwanira. Bukulo linali moyo wa akazi awo, kuchokera tsiku limene anawaona koyamba akudikira basi mpaka tsiku lomaliza. M'bukumo mayiwo anali munthu wodekha, wopirira, wosakweza mawu, wokhululuka asanapepesedwe. A Kabweza analiyendera bukulo ngati nsapato ya bwana wamkulu: liwu lililonse lakuthwa analichotsa, paliponse potumphuka anapasalaza. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, ndi amene analitaipa pa kompyuta masiku amene sali ku ntchito.

Buku linali limodzi, ndipo iwo ankadziwa kuti lachiwiri sikudzakhala. Ng'ala inali itayamba kale kuphimba diso lakumanzere. Kulipereka kwa anthu olakwika kunali ngati kuwaika akazi awo m'manda kachiwiri, ulendo uno opanda ngakhale wolira. Makampani akuluakulu anawayesa. Kwina anawauza kuti amasindikiza mabuku a sukulu okha. Kwina mlembi wa pakhomo anawafunsa ngati malemuwo anali munthu wotchuka. "Kwathu anali wotchuka zedi," anayankha a Kabweza, natenga chipewa chawo.

Chimene chinkawaopsa kwambiri chinali tsoka la aphunzitsi opuma a nyumba yoyandikana nayo. Aphunzitsiwo anapereka ndakatulo zawo ku kampani ina imene inawalandira ngati mlendo wolemekezeka. "Bambo, mwalemba bwino kwambiri, sitisinthamo ngakhale kadontho," anawauza. Aphunzitsi anabwera akuyenda ngati wapambana chisankho. Kenako zinadziwika kuti wolipira zonse ndi iwo. Mabuku atafika, masamba ena anali chadodolido, ndakatulo imodzi inathera pakati, ndipo ku sitolo kunalibe ndi limodzi lomwe. Mpaka lero makatoniwo ali pansi pa bedi, ndipo mayi a kunyumbako amayatsira mbaula masamba ake aphunzitsi akatembenuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira pamenepo a Kabweza anaika lamulo mumtima: wosindikiza woyamikira chilichonse ndi wakuba wovala tayi.

Za kampani yatsopano anamva kwa mayi wa ku laibulale. Aphunzitsi atamva anapukusa mutu. "Yatsopano? Anzanga, imeneyo ndiye njala yake ikadali yaiwisi. Musapiteko." A Kabweza anapita, koma buku analisiya kunyumba.

Kampaniyo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Masitepe ake anali opapatiza, onunkha penti, ndipo chikwangwani chinali pepala lomatidwa pa chitseko. M'kati munali chipinda chimodzi: matebulo awiri, kompyuta, ketulo, makatoni a mabuku pakona, ndi ndowa yolandira madzi odontha kudenga. Pa tebulo lina panali mayi wa msinkhu wa mwana wawo, pensulo itasomekedwa m'tsitsi, akudya mtedza kwinaku akuwerenga. Ameneyu ndiye anali mkonzi, ndiyenso mwini kampani pamodzi ndi mnzake wina wojambula zikuto, amene tsikulo anali atapita kukagulitsa mabuku.

A Kabweza anayang'ana uku ndi uku. "Makina anu ali kuti, mayi?"

"Tilibe, bambo. Timakasindikizitsa kwa ena. Yathu ndi kusankha, kukonza ndi kugulitsa."

"Ndiye kuti ndinu fakitale yopanda makina."

"Eya," anatero mkonziyo akusasa makoko a mtedza pa siketi. "Khalani pansi, mpando uwo ndi wolimba kuposa maonekedwe ake."

Mabuku amene anali atatulutsa anali awiri okha. A Kabweza anapempha limodzi, ndipo manja awo anayamba okha ntchito yakale. Analitsegula pakati mpaka msana wake unalira, anakoka tsamba, anapaka chala chonyowa pa inki, analipendeka pa kuwala kwa zenera.

"Mukalithyola muligula, bambo."

Silinathyoke. Koma chikuto chinali chodulidwa mokhota pang'ono, ndipo iwo analoza ndi chikhadabo. Ankayembekezera kumva zija amamva ku fakitale, zoti ndi maso anu, zoti ogula saona. Mkonziyo anangogwetsa nkhope. "Tinaona mochedwa, mabuku atafika kale. Chimandipweteka mpaka pano. Osindikiza amenewo tinawasiya."

Anamupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi. Wolemba amalipira? Ayi, kampani ikalikonda buku zonse ndi zake. Likagulidwa wolemba amalandira gawo lake, koma asayambe kuumba njerwa podalira gawo limenelo. Nanga buku likhala la yani? La mwini wake, ndipo pangano amapita nalo kunyumba kuti wina amuwerengere asanasaine. Nanga kampani ikagwa? Buku limabwerera kwa wolemba, apite nalo kumene akufuna.

"Mudzagwa?" anafunsa a Kabweza.

"Mwina. Ambiri onga ife amagwa. Ndikanama ndikati ayi."

Yankho limeneli linawasangalatsa, ndipo kusangalalako kunawakwiyitsa. Masiku otsatira anayenda m'masitolo a mabuku. M'sitolo ziwiri anawapezadi mabuku aja, ena ali pansi penipeni pafupi ndi tsache, koma analipo. Anafufuzanso wolemba limodzi mwa mabukuwo, dalaivala wa ambulansi, amene anawauza kuti mayi uja anamubwezera zolemba zake mobwerezabwereza mpaka anasiya kumupatsa moni, koma lero akamuona amavula chipewa.

Komabe kwa a Kabweza zonsezi zinali polishi wa kunja. Pakamwa pabwino ngakhale aja anadyera aphunzitsi anali napo. Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi: kodi mayiyu amawerengadi, kapena amangoyendetsa maso? Ndipo njira yodziwira zimenezo iwo ankadziwa imodzi yokha. Mkonziyo anali atawauza kuti abweretse mutu umodzi kaye. Anasankha mutu wa zaka zoyamba za banja lawo, nakhala pansi kuti autchere misampha.

Msampha woyamba sunavute. Anatenga ndime ya pa tsamba lachiwiri n'kuibwereza yonse chakumapeto. Wachiwiri unali wochenjera: kumayambiriro kwa mutuwo akuba anawabera njinga, ndiye chapakati anawonjezera kamzere koti anakwera njinga yomweyo kupita ku ntchito. Wachitatu ndi umene unawagwiritsa njakata. Ankafuna nsapato ya saizi ina, chinthu chosagwirizana n'komwe ndi mayi wodekha wa m'bukumo, choti wowerenga watcheru adumphe n'kunena kuti ayi, uyu si munthu yemwe uja. Kupeka nkhani sankatha. Moyo wawo wonse anali woyendera, osati wosoka. Anatafuna cholembera mpaka tiyi anazizira. Kenako anakumbukira za katoni.

Unali m'mawa wa tsiku la ntchito, mwana wawo ali pafupi kuyamba sukulu. Dzulo lake akazi awo anali atamaliza kusoka yunifomu ya mwanayo, ndi manja, singano itawaboola zala zonse. A Kabweza atailandira anachita zimene manja awo ankadziwa: anaitembenuza, nayendetsa chala, n'kunena kuti msoko wa m'khwapa wakhota. Kutacha a Kabweza anapita kukasamba kubafa ya panja. Pobwera anapeza chitseko chokhoma, ndipo pakhomo pali katoni ya ku fakitale, m'kati muli malaya, buluku ndi nsapato zawo. Pa zenera panatulukira mutu wa akazi awo.

"Ndakuyenderani bwinobwino, a Kabweza. Makutu ndi a saizi ziwiri. Pakamwa msoko unamasuka kalekale. Mtima guluu sanagwire. Mubwerere! Pitani kwa amene anakupangani akakusokeninso!"

Anthu a mzere wonse wa nyumba anatuluka, ena ndi miswachi kukamwa. A Kabweza anali ndi thawulo lokha m'chiuno, sopo ali m'khutu. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi, akuwatcha mbuzi ya mano kunsi, ndipo chitseko sanatsegule mpaka a Kabweza atapepesa kudzera pa zenera, mokweza, kuti ndi wa nyumba yomalizira yemwe amve kuti yunifomuyo ndi yokongola.

Nkhaniyi anailemba kamodzin'kamodzi, osafufuta liwu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Pomaliza anadzipeza akuseka okha m'nyumba. Kenako manyazi anawagwira, nayang'ana chithunzi cha pakhoma ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. "Ndi msampha chabe, amake mwana," anatero chapansipansi. "M'buku lenileni simulowa." Kwa mwana wawo sanapite nawo mutuwo, anakautaipitsa pa kashopu ka fotokope pafupi ndi positi ofesi, n'kukausiya kwa mkonzi uja.

Atakwera masitepe aja ulendo wotsatira, anapeza mkonzi atayala masamba awo pa tebulo, m'mbali mwake muli pensulo yokhayokha. A Kabweza anakhala pansi, manja pa ndodo, maso atatsinzina pang'ono ngati kale pa tebulo lomaliza.

"Ndime iyi mwaibwereza," anayamba mkonziyo. "Ili apa, ilinso apa. Mwina wotaipa anasokoneza."

Umodzi wapezeka. A Kabweza anagwedeza mutu.

Mkonzi anatembenuza masamba, akuloza apa ndi apo pamene chiganizo chatalika kapena liwu labwerezedwa. Anafika pa tsamba la njinga. Chala chake chinadutsa pa kamzere kaja, osaima, n'kupitirira. Waphonya.

Kenako mayiyo anaika pensulo pansi. "Bambo, ndilankhule mosapsatira?"

"Ndabwerera zomwezo."

"Mutuwu ndi waukhondo. Zikuoneka kuti mwaupukuta kwa nthawi yaitali, ndipo zikuonekanso kuti mayiwa munkawakonda. Koma ukumveka ngati mawu aja amanenedwa pamaliro. Tsamba loyamba ndi abwino, lachiwiri ndi abwino, lachitatu akhululuka, lachinayi amwetulira. Ndisakunamizeni, ndinayamba kuwodzera. Kenako ndinafika apa." Anasolola masamba a katoni aja. M'mbali mwake munalibe pensulo ngakhale pamodzi. "Ndinaseka mpaka a sitolo ya pansiyi anakwera kudzafunsa ngati ndili bwino. Nditamaliza kuseka ndinamva chisoni kuti munthu ameneyu kulibenso. Apa pokha ndi pamene pali mayi wamoyo, wamagazi, woti ndikanakonda kukhala naye nyumba yoyandikana. Ngati m'buku lonse muli mayi awa, ndikulifuna, ndipo ndidzalimenyera nkhondo. Ngati muli mayi enawa, sindingalisindikize. Mundikhululukire."

Pa zaka zonse za ku fakitale a Kabweza anali ataonapo ophunzira ophonya nsapato yowonongeka, koma woinyamula m'mwamba n'kunena kuti iyi ndiye yabwino kuposa zonse anali asanamuonepo. Anasonkhanitsa masamba awo, nawalinganiza pa bondo.

"Zikomo, mayi. Ndamva."

"Mubweranso?"

"Tidzaona."

Za misampha sanamuuze. Potsika masitepe liwu lakale lija linabwera lokha pakamwa: "Ibwerere." Umodzi wapeza, wina waphonya, wachitatu wauyamikira. Mlandu unali wosavuta kuweruza, ndipo anayenera kusangalala kuti apulumutsa buku lawo. Koma chisangalalocho chinali chosakoma, ngati tiyi wopanda shuga. Chimene chinkawavuta n'choti wakuba amayamikira zonse, pamene mayiyu anakana pafupifupi zonse, podziwa kuti mkuluyu akhoza kutuluka osabweranso. Wakuba wamtundu wanji wothamangitsa yekha kasitomala? Anayenda wapansi mpaka kunyumba akulimbana ndi funso limeneli, basi anaiwala kukwera.

Mwana wawo anabwera masana a tsiku lake lopuma, atanyamula mankhwala a m'maso ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Ali mkati mowamanga lamba pa mkono, a Kabweza anayamba kumufotokozera, akudzitama monga amachitira akamakamba za ku fakitale. Anamuuza za ndime yobwereza, za njinga, ndi mmene chala cha mkonzi chinadutsira osaima.

"Bambo inu," anatero namwinoyo, "mpaka liti kutchera anthu misampha? Musalankhule kaye, mukusokoneza makina."

"Dikira umve zachitatu. Ndinaikamo chinthu chowola, chonunkha, chosagwirizana ndi amayi ako ngakhale pang'ono. Ukudziwa anati chiyani? Akuti pamenepo ndiye pabwino!"

"Chinthu chanji?"

"Zachabechabe. Zakale."

"Ndione."

Anakana kaye, koma mwana ameneyu akati ndione amatanthauza ndione. Anamupatsa masambawo. Iye anakhala pa mpando wa pafupi ndi zenera, lamba uja akadali lende pa mkono wa bambo ake. Poyamba ankawerenga ndi nkhope ya ku ntchito. Atafika pa makutu a saizi ziwiri anaphulika kuseka, kuseka kwa chikhakhali, akumenya tebulo ndi chikhatho. A Kabweza anadzidzimuka, chifukwa kuseka kumeneko m'nyumbamo kunali kusanamveke chichokereni mwini wake. Kenako kusekako kunasintha. Mapewa anapitiriza kugwedezeka, koma mawu anali ena. Namwino wamkulu, wozolowera kuona imfa, anaphimba nkhope ndi masamba aja akulira ngati kamwana.

"Iwe, nanga bwanji? Ndakuuza kuti ndi msampha chabe. M'buku sizilowa."

"Ndinali kuseri kwa chitseko," anatero iye akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinavala yunifomuyo. Amayi anandiuza kuti ndigwire kiyi, ndisakupatseni ngakhale mulire. Bambo, awa ndiye amayi anga. Awa!"

A Kabweza asanayankhe, mwanayo anapitiriza.

"Mukudziwa kuti azimayi a mzere uja ankawatcha a Lumo? Mukudziwa kuti anathamangitsa wokhometsa msonkho wa pamsika ndi ambulera? Kuti pa makhadi ankabera, akagwidwa n'kuyamba nyimbo? Buku lanu ndinalitaipa lonse, tsamba ndi tsamba, ndikuti mwina tsamba lotsatira atulukira. Mpaka kumapeto sanatulukire. Munalemba amayi a chaka chomaliza chija, osalankhula aja, n'kuwayala pa moyo wawo wonse."

"Bwanji sunanene?"

"Ndikananena bwanji? Munali mutaonda, mukudya chifukwa cha buku lomwelo. Ndinkaopa kuti ndikalikhudza mugwa nalo limodzi."

Panja wina ankakhoma msomali pa malata. A Kabweza anamasula lamba uja pa mkono pang'onopang'ono, naupinda bwinobwino, nauika pa tebulo. Munthu amene kwa zaka zambiri sanalole ulusi umodzi kudutsa anali atapereka kwa mwana wake buku lopanda amake, iye osaona. Koma khalidwe silifa msanga, ndipo anayesabe kamodzi komaliza.

"Komatu njinga anaiphonya."

"Anaphonya njinga, amayi anawapeza. Inu mukufuna akusungireni chiyani, njinga? Mukamuuze za njingayo, achite manyazi, aziwerenga kawiri. Koma bukuli mupatseni mayi ameneyu. Ena onse adzakuuzani zimene ndikanakuuzani ine, zoti lili bwino."

"Ndiye kuti kuyambanso. Lonse. Ndi diso limodzi."

"Ine ndilipo. Zina ndikukumbutsani, zina mundikumbutse."

A Kabweza anatenga masamba a katoni aja, onyowa tsopano, nawasalaza ndi chikhatho pa bondo. Sanayang'ane mwana wawo polankhula.

"Usaganize kuti ndinawaiwala."

"Ndinkaganiza choncho, bambo. Chinkandipweteka kuposa maliro."

"Sindinawaiwale ngakhale tsiku limodzi. Odekha ajawa ndimatha kukhala nawo m'nyumba muno, savuta. Koma awa," anagogoda masambawo ndi chala, "awa ndikawalola kulowa, ndiwasowa kwambiri, mwana wanga. Sindikudziwa ngati ndingapirire."

Namwinoyo anasuntha mpando wake mpaka unagundana ndi wa bambo ake.

"Ndiye muwasowe, bambo," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuwasowa ndekha."